Tsiku Lomwe Anamakiyi Anakhoma Zitseko

Kutatsala tsiku limodzi kuti a kalembera afike, alamu awo a Anamakiyi anatulukira thukuta lili kamukamu. Anamakiyi anali ndi mdadada wa zipinda khumi ndi ziwiri za lendi kuseri kwa fakitale ya matabwa, ndipo dzinali linabwera chifukwa cha mpukutu wa makiyi womwe sunkachoka m'chiuno mwawo. Matenanti awo ambiri anali ochokera kunja kwa dziko, odzagwira ntchito pafakitalepo.

"Alamu, mawa musayerekeze kuwatchula anthu anuwa," anatero bamboyo, yemwe ankayendetsa kampeni ya khansala wa deralo. "Savota awa. Kuwalembetsa n'kudziputira apolisi. Akawagwira, inunso mukalowa m'ndende chifukwa chowasunga."

"Nanga ana awo? Enatu anabadwira m'zipinda momwemu."

"Mwana amavota? Ife tikufuna mavoti, osati mitu."

Uthenga womwewo anausiya khomo lililonse la lendi m'deralo. M'mawa mwake Anamakiyi anauza matenanti omwe sanapite kuntchito kuti alowe m'zipinda ndipo asatsokomole n'komwe. Kenako anakhoma maloko kunja, chitseko ndi chitseko.

Wolemba kalembera anali mphunzitsi wa pasukulu yapafupi. Anayang'ana malokowo, n'kuyang'ananso matewera omwe anali pachingwe.

"Pano mumakhala anthu angati, mayi?"

"Anayi. Ine, mwana wanga, mkamwini ndi mdzukulu. Zipindazi zilibe anthu."

Nthawi yomweyo khanda linalira kuseri kwa chitseko china.

"Ndi mphaka ameneyo," anatero Anamakiyi.

"Mphaka wanuyo akulira ngati akufuna bere," anayankha mphunzitsi uja motsitsa mawu. "Mayi, kalembera si chisankho. Timawerenga aliyense wokhala pano, kaya khanda, kaya mlendo. Ine sindinatumidwe ndi apolisi. Chiwerengerochi ndi chomwe aboma adzayang'ane pogawa mankhwala, aphunzitsi ndi madera a makhansala."

Anamakiyi anangoti maso pansi, dzanja litagwira makiyi kuti asachite phokoso. Mphunzitsiyo anadikira kanthawi, kenako analemba anayi n'kumapita.

Patatha zaka zitatu, zotsatira zinayamba kuluma. Papepala deralo linkaoneka la anthu ochepa, choncho analiphatikiza ndi lina la kutsidya kwa msewu waukulu. Mpando wa khansala wawo unatha, ndipo khansala watsopano ankakhala kutsidyako. Mpopi wa pamsika utawonongeka, panalibe wokawulankhulira kukhonsolo.

Tsiku lina masana, mdzukulu wa Anamakiyi, mtsikana wa zaka zisanu ndi chimodzi, anabanika ndi mphumu. Makolo ake anali kuntchito. Anamakiyi anamubereka n'kuthamangira kuchipatala chaching'ono cha m'deralo, alamu aja akutsatira pambuyo. Mzere unali utafika pageti, koma anthu ataona mmene nthiti za mwanayo zinkalowera m'kati anapatuka okha.

Namwino anamugoneka pabedi n'kutsegula kabati. Anafufuza shelefu yapamwamba, yapansi, mpaka m'makatoni.

"Mankhwala a mphumu anatha sabata yatha," anatero. "Ambulansi nayo ili kutsidya, ndi imodzi madera onse awiri."

"Mwaona?" anakuwa alamu aja akuloza anthu pamzere. "Obwerawa ndi amene akutimalizira mankhwala!"

"Bambo, tsitsani mawu, muno muli odwala," anatero namwino uku akumukhazika tsonga mwanayo kuti apumeko bwino. "Mankhwala amatitumizira potengera kalembera. Papepala dera lino lili ndi anthu zikwi zinayi, koma amene timawathandiza pano akuposa zikwi zisanu ndi ziwiri. Anthuwa akanawerengedwa, gawo lawo likanabwera. Amene anawabisa ndi amene anatimana mankhwala."

Milomo ya mwanayo inayamba kuda. Anamakiyi anagwada pambali pa bedi akumutchula dzina, koma iye sankayankha.

Pamzere paja panali mmodzi wa matenanti awo, dalaivala wa lole ya pafakitale, yemwe anabwera kudzamangitsa bala la pachala. Sanadikire kupemphedwa. Anathamangira kufakitale, ndipo posakhalitsa lole inaima pageti matabwa ali pamwamba. Namwino anakwera kutsogolo atanyamula mwanayo, Anamakiyi n'kudzipanikiza pambali pake. Njira yonse dalaivala sanachotse dzanja pahutala.

Kuchipatala chachikulu mwanayo anakhala masiku anayi pa makina othandiza kupuma. Dokotala anati akanachedwa pang'ono, nkhani ikanakhala ina.

Mwezi wotsatira kunabwera akuluakulu a kukhonsolo kudzamva madandaulo a anthu muholo ya sukulu. Ambiri ankangoti boma lawataya. Anamakiyi anaimirira.

"Ine ndinanama pa kalembera," anatero. "Pakhomo panga pamagona anthu makumi atatu ndi mmodzi. Ndinalembetsa anayi, enawo ndinawakhomera m'zipinda."

Alamu aja anawakoka chitenje kuti akhale pansi, koma iwo anakutumula dzanjalo. Kumbuyo kunaimirira bambo wina wa nyumba za lendi n'kutchula nambala ya anthu omwe anawabisa. Kenako mayi wina, kenako winanso.

Mkulu wa kukhonsolo analemba zonse, koma sanawanamize. Anati atenga kaundula wa namwino kuti akapemphere mankhwala owonjezera, koma malire a dera ndi mpando wa khansala sizingasinthe mpaka kalembera wina.

"Ameneyo adzachitika liti?" anafunsa Anamakiyi.

"Kwatsala zaka zisanu ndi ziwiri, mayi."

Anamakiyi anakhala pansi pang'onopang'ono. Anawerengetsa ndi zala pamwendo pawo: mdzukulu wawo adzakhala ali ndi zaka khumi ndi zitatu.

Phunziro: Kalembera amawerenga anthu, osati mavoti. Mwana, mlendo ndi aliyense wosavota amamwa madzi, amadwala ndiponso amafuna sukulu ngati wina aliyense. Tikawabisa timadzichepetsera tokha mankhwala, chitukuko ndi otiyimira, ndipo bodza la tsiku limodzi timalisenza zaka zambiri.