Tsiku Limene Zaki Anafera ku Dziko la Moto

A Gilford Kadzamira anali m'bafa Lolemba m'mawa pamene anamva mwana wawo Thandie akuyankhula pafoni. Bafa la nyumba yawo ku Kawale linagundizana ndi khitchini, ndipo ngakhale khutu lawo lakumanzere linagontha kalekale ndi phokoso la malole omwe anayendetsa zaka makumi atatu, lakumanja linkamvabe bwinobwino.

"Zaki wafa basi," anatero Thandie. "Ayi, palibenso chochita. Injini inaphulika iye ali mkati. Ndinamuchenjeza kawiri konse, Fatimah, iwenso unamva. Ine mpaka pano mtima sukukhazikika."

Sopo anawapulumuka m'manja. Zaki ankamudziwa bwino. Anali makaniko wa ku Biwi, wamtali, waulemu, mmodzi mwa anzake atatu a Thandie omwe ankabwera Loweruka lililonse masana n'kukhala pabalaza ndi mapepala awo mpaka dzuwa kupendeka. Dzana lomweli anali pakhomopo, anawapatsa moni ndi manja awiri.

Pomwe ankatuluka, chopukutira chili m'chiuno, Thandie anali atathamangira kale minibasi. Anamuimbira katatu, foni yozimitsa. Kusukulu komwe ankaphunzitsa makompyuta sankalola mafoni m'kalasi. A Gilford anaima pakati pabwalo akudontha madzi, osamvetsa kuti munthu angapite bwanji kuntchito mnzake atamwalira. Akazi awo anali kumudzi ku Dowa kukakolola, choncho panalibe womufunsa nzeru. Koma chimodzi ankachidziwa: bambo ake a Zaki, a Lajabu, ndi Asilamu, ndipo Asilamu sagoneka maliro. Akachedwa apeza anthu akuchokera kumanda.

Anavala jekete lawo lakuda n'kukwera minibasi ya ku Area 23, komwe a Lajabu ankakhala.

Atatsika anayamba kuyang'ana masamba pamsewu, aja amaika posonyeza kuti pali zovuta. Panalibe. Ana ankasewera mpira wachikulunga, mayi wina ankakazinga zitumbuwa. Atayandikira nyumba ya a Lajabu anamva hamala ikulira. Mwini wakeyo anali pansi pa chisakasa chake, akupinda lata la mbaula, wailesi ikuimba pambali.

A Gilford anaima. Anthuwa sanamve. Ndiye kuti iwo, omwe anabwera kudzapepesa, ndi amene abweretse uthengawo.

"Aa, achimwene!" anakuwa a Lajabu. Awiriwa anadziwana kalekale, masiku omwe a Gilford ankawanyamulira ndowa kupita nazo kumisika ya kumidzi. "Jekete chonchi Lolemba? Mukukafunsira mbeta?"

A Gilford anakhala pa chigubu chomwe anawapatsa. Anafunsa za malonda. Anafunsa za mtengo wa malata. Mayi Fatu, akazi a a Lajabu, anabweretsa tiyi, iwo n'kungoigwira kapuyo osamwa.

"Zaki munamuona liti?" anafunsa pamapeto pake.

"Lachisanu, kumzikiti. Akulipiratu nyumba yake ku Biwi masiku ano. Bwanji, walakwa?"

"Achimwene, limbani mtima. Ndamva kwa mwana wanga kuti kwachitika ngozi. Injini inamuphulikira."

Mayi Fatu anali asanalowe m'nyumba. Thireyi inagwa, kulira kwawo kunamveka mpaka kumpopi wa madzi. A Lajabu anapisa m'thumba. Anatulutsa foni n'kuimbira Zaki. Inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso. Chimodzimodzi.

"Ali kuti? Kuchipatala? Kumotchale?"

A Gilford anatsegula pakamwa n'kuzindikira kuti sakudziwa. Sankadziwa tsiku, sankadziwa malo, sankadziwa kuti inali injini ya chiyani.

"Tiyeni kugalaja," anatero. "Kumeneko akatiuza."

Anakwera njinga zamoto ziwiri, kusiya amayi oyandikana nawo akuthamangira pakhomopo, ena akumanga zitenje ali m'njira.

Ku Biwi zonse zinali monga mwa masiku onse: moto wowotcherera ukuthetheka, magalimoto opanda mateyala atakhala pa njerwa. Pagalaja yomwe Zaki ankagwirako ntchito panali minibasi yoyera, ndipo kunsi kwake kunatulukira miyendo iwiri itaongoka, osagwedezeka. A Lajabu anazizindikira nsapatozo. Anagwada, kugwira akakolo onse awiri n'kukoka ndi mphamvu zawo zonse.

Zaki anatuluka chagada, sipanala ili m'manja, timawaya ta nyimbo tili m'makutu.

"Ababa! Bwanji?"

A Lajabu anamugwira kumaso, m'mapewa, pachifuwa, ngati akusankha mbuzi pamsika. Kenako anatembenukira kwa a Gilford. Maso amenewo a Gilford sadzawaiwala.

"Ine ndinamva ndi khutu langali," anadziteteza. "Thandie wanena kuti wafa. Injini inaphulika uli mkati."

Zaki anakhala tsonga. Nkhope yake inagwa.

"Oo, zimenezo. Eya, n'zoona. Zinachitika Loweruka."

"N'zoona?" anafunsa a Lajabu.

"Ndikutanthauza kuti si ine weniweni. Amene anafa ndi Mwanamisi."

"Mwanamisi ndiye ndani?"

"Ndakhala naye zaka zitatu, ababa."

"Zaka zitatu! Unakwatira osatiuza? Ndi mwana wa ndani? Mwamuika kuti?"

"Ayi, ayi. Mwanamisi ndi ine."

A Gilford anafunafuna pokhala n'kupeza teyala. Amakaniko ena anali atasiya ntchito, atawazungulira. Zaki anapukuta manja ndi kansanza n'kuyamba kufotokoza pang'onopang'ono, ngati akuyankhula ndi odwala.

Anati zomwe amachita Loweruka zija ndi masewera. Thandie anapeka dziko lake n'kulijambula pa pepala lalikulu. Muli maiko anayi. Ku Dziko la Moto mitsinje yake ndi ya chitsulo chosungunuka. Ku Dziko la Madzi mizinda imayandama. Anthu a ku Dziko la Dothi amakhala kunsi kwa mapiri, pomwe ku Dziko la Mphepo nyumba zimalendewera pa unyolo kuchokera kumitambo. Makina a kumeneko sayendera mafuta, amayendera mphezi yotsekeredwa m'mabotolo. Aliyense wosewera amakhala ndi munthu wake wopeka, wolembedwa pa pepala lake, yemwe amamuyankhulira, ndipo Thandie ndi amene amanena zomwe zikuchitika. Munthu wa Zaki anali Mwanamisi, mayi wa ku Dziko la Mphepo, wokonza injini za sitima youluka.

"Ndiye Loweruka sitima yathu inagwidwa ndi moto," anatero. "Mwanamisi analowa m'injini kuti anzake apeze mpata wodumpha. Ndinaponya dayisi kuti tione ngati apulumuke, inagwa pa wani."

"Dayisi," anatero a Lajabu. "Ndiye kuti ndi juga."

"Si juga, ababa. Sipakhala ndalama."

"Nanga wopambana amapata chiyani?"

"Sipakhala wopambana."

A Lajabu anayang'ana a Gilford, a Gilford anayang'ana pansi. Nthawi yomweyo foni ya a Lajabu inalira. Anali mlamu wawo wa ku Mangochi, a Stephano, akunena kuti amva zonse, akwera kale basi, asaike maliro iwo asanafike.

Anabwerera ku Area 23 atatu. Pamsewu panali pataikidwa masamba tsopano. Amuna anali atakhala pa mabenchi kunja, amayi akulira m'nyumba, ndipo wina anali atapita kale kukaitana shehe. Zaki anatsika njinga ali mu ovololo yake yamafuta n'kuima pageti, osadziwa kuti munthu amalowa bwanji pa maliro ake omwe. Mtsikana wina anamuona n'kuthawa akukuwa. Mayi Fatu anatuluka, anamukumbatira, kenako anamumenya khofi, kenako anamukumbatiranso.

A Gilford anaimirira pamaso pa anthu onsewo kuti afotokoze. Anayamba bwino, koma atafika pa mphezi ya m'mabotolo anaona kuti anthu akuyang'anana. Mkulu wina anafunsa ngati Dziko la Motolo ndi lomwe lija amalalikira. Mayi wina anafuna kudziwa ngati Mwanamisiyo wasiya ana. A Gilford anangoti, "Pepani nonse, ndinamva molakwika," n'kukhala pansi, thukuta likuyenderera m'jekete.

Thandie atabwera kunyumba madzulo anawapeza bambo ake ali pakhonde, nsapato asanavule. Atamva nkhaniyo anagwira pakamwa, ndipo a Gilford sanathe kudziwa ngati akubisa kuseka kapena kulira.

"Adadi, bwanji simunandifunse?"

"Ndikanakufunsira kuti? Ndipo iwe, munthu wamoyo ungamunene kuti wafa?"

"Timangotero. Ndi mmene timayankhulira."

"Unati mtima sukukhazikika."

"Sukukhazikikadi. Mwanamisi ndimamukonda."

"Koma kulibe!"

"Eya, kulibe," anavomera Thandie, misozi ili m'maso.

Loweruka lotsatira a Lajabu anafika ku Kawale atavala mkanjo wawo, akuti akufuna aone ndi maso awo chinthu chomwe chinawaliritsa maliro. Akuluakulu awiriwo anakhala pa sofa, manja atapinda. Achinyamatawo anazungulira tebulo mwamanyazi. Panali Thandie, Zaki, Fatimah yemwe anali namwino, ndi Aubrey wogulitsa mafoni m'tauni. Anayala mapu awo, n'kutulutsa madayisi a makona ambirimbiri omwe a Gilford sanawaonepo chibadwire.

Thandie anatsokomola n'kuyamba. Mawu ake anasintha, anakhala akuya, odekha. Anati utsi ukadali tolotolo pa chigwa, zidutswa za sitima zamwazikana m'mbali mwa mtsinje wa chitsulo, ndipo phulusa likugwa ngati mvula yowaza. Aubrey anati akufunafuna m'zidutswazo. Anaponya dayisi. Thandie anati wapeza magalasi a Mwanamisi, diso limodzi litasweka. Fatimah anapukuta m'maso. Patsogolo pa Zaki panalibe pepala.

A Gilford anayang'ana patebulo. Panalibe magalasi. Panali mapensulo, mbale ya mtedza ndi foni yothetheka sikirini. Komabe onse anayi ankayang'ana malo amodzi omwewo, pafupi ndi mbaleyo, mpaka iwonso anasuzumira.

"Thandie," anatero, "si iwe umanena zochitika? Ungonena kuti wadzuka."

"Sizitheka, adadi."

"Akuletsa ndani?"

"Palibe. Koma ndikatero ndiye kuti zonse zomwe anachita zilibenso ntchito."

A Gilford anakanda m'mutu. A Lajabu anasendera kutsogolo n'kuloza chithunzi cha injini chomwe Zaki anajambula pakona ya mapuwo.

"Thanki iyi ndi ya chitsulo chanji?"

"Ya mkuwa," anayankha Zaki.

"Yokhuthala bwanji?"

Zaki anayang'ana Thandie. Thandie anati sanaganizirepo.

"Simunaganizirepo! Mukuika mphezi m'chinthu chomwe simukudziwa kukhuthala kwake? Nanga potulukira mpweya pali pati? Palibe. Iwe ndiwe makaniko wanji? Mayiyu munamupha ndinu, osati dayisi."

Anatenga pensulo n'kuyamba kujambula msoko wopinda kawiri, wonga womwe amaika pa ndowa, akufotokoza mokalipa. Aubrey anawasendezera mpando. Posakhalitsa anali akukangana ndi Thandie ngati ku Dziko la Dothi kungapezeke malata abwino, ndipo Zaki, koyamba tsikulo, anaseka.

A Gilford anatsala okha pa sofa. Anayesetsa kutsatira, koma nkhani inali itafika pa mtengo wa mabotolo a mphezi ndi msonkho wolowera ku Dziko la Madzi. Anadzuka mwakachetechete n'kupita kukathirira mpiru wawo kuseri.

A Stephano a ku Mangochi aja anakhala ku Area 23 sabata ziwiri, akuti poti abwera kale. Mayi Fatu anatha miyezi itatu osawayankha a Gilford moni. A Lajabu ankabwera ku Kawale Loweruka lina lililonse, akuti kudzaonetsetsa kuti anawo sakuchita juga, ndipo pofika nyengo yadzinja anali ndi pepala lawolawo. Tsiku lina a Gilford, powaperekeza pa siteji, anawafunsa kuti kwenikweni chimachitika n'chiyani patebulo paja.

"Inenso sindikudziwa, achimwene," anatero a Lajabu, akuimitsa minibasi. "Koma sabata yamawa tikuwoloka mtsinje."