Thaulo la pa Mpando

Panali patatha mwezi wathunthu chichitikireni chisankho, koma bambo Dibakar Meher ankabwerabe m'mawa uliwonse ku ofesi ya bungwe la owomba nsalu, n'kukhala pa mpando woyalidwa thaulo loyera ngati palibe chasintha. Atatsogolera bungwelo zaka makumi awiri ndi zinayi, miyendo inali itazolowera njira. Sulochana, mayi amene anawagonjetsa ndi mavoti asanu ndi anayi, ankagwirira ntchito pa kasitulu pafupi ndi zenera.

Nanga akanawauza bwanji? Mkuluyo anali bwenzi la malemu bambo ake, ndipo ndi amene anamuphunzitsa kumanga ulusi usanaviikidwe mu utoto, iye akadali kamtsikana ka mamina m'mphuno. Koma Lolemba likudzalo kunkayenera kubwera ogula nsalu ochokera mumzinda wa Bhubaneswar, ndipo wogula akalowa mu ofesi safunsa kuti mtsogoleri ndani, amangoyang'ana pamene pali thaulo. Sulochana ankadziwa kuti akamupeza pa kasitulu paja ndiye kwatha, zaka zake zitatu zonse za utsogoleri adzakhala wogawira alendo tiyi.

Lachisanu kunabwera Gobardhan wolemba zikwangwani, kudzawonjezera dzina latsopano pa thabwa la atsogoleri, lomwe limalembedwa m'Chingerezi chifukwa cha alendo. Munthuyo ndi wolongolola, abale inu, sungamuthe. Anafunsa choti alembe pa dzina la mkulu uja, ndipo asanayankhidwe anayamba kuyala mawu ngati wogulitsa tomato. Anati "ex" satha penti, koma amamveka ngati munthuyo anachita kukankhidwa. "Former" alibe chipongwe, koma ndi ozizira, amangoti munthu analipo basi. Ndiye panali ena amene analemba chaka chatha ku koleji pa chitseko cha mphunzitsi wokalamba, akuti "emeritus". Anachita kufunsa tanthauzo, poti iye salemba chimene sakuchidziwa. Anamuuza kuti ndi munthu amene watula pansi ntchito koma dzina ndi ulemu zatsala naye moyo wake wonse, ndipo sapatsidwa aliyense wochoka, otsalawo amachita kumupatsa mwa kufuna kwawo.

Komiti ya bungwelo inavomera mawu omalizawo masana omwewo, ndipo Gobardhan anawalemba ndi penti wagolide.

Loweruka m'mawa bambo Dibakar anaima kutsogolo kwa thabwalo, navala magalasi, nawerenga katatu. Anafunsa Sulochana ngati mawuwo anali chitonzo cha anthu ophunzira. Iye anawafotokozera zonse monga anazimvera. Mkuluyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Nanga mpando, mwanawe?"

"Mpando ayi, amalume," anatero Sulochana. "Dzina ndi lanu mpaka kale. Mpandowo ndi wa ntchito, ndipo ntchitoyo anthu andipatsa ine."

Bambo Dibakar anapita pa mpando paja. Anachotsa thaulo lija, nalipinda bwinobwino, naliika paphewa n'kutuluka, tiyi wawo akuzizira patebulo. Sulochana mtima unamupweteka kwambiri. Anadzimva ngati walanda mbale ya bambo ake akudya, ndipo tsiku lonselo sanayerekeze kukhala pa mpandowo.

Lolemba anafika m'mamawa, napeza mpando uli mbee, thabwa lokhalokha. Anaganiza zothamangira kumsika kukagula thaulo la m'fakitale, koma mtsogoleri wa owomba nsalu kukhalira nsalu ya m'fakitale, ogula akanaseka mpaka kwawo. Anangoima pamenepo, manja ali m'chiuno, osadziwa chochita.

Nthawi ya naini itayandikira, bambo Dibakar analowa ndi kaphukusi kokulunga m'nyuzipepala. Munali thaulo latsopano loyera, la mzere wofiira m'mphepete. Mzerewo unali wokhotakhota, ulusi pena wothina pena wolekerera, ntchito yoti bungwe likanaibweza ikanakhala ya wina. Sulochana anangoyang'ana zala zawo zotupa n'kudziwa. Munthu amene anali atatha zaka zoposa makumi awiri osagwira chowombera nsalu anali atakhalapo masiku awiri.

Analiyala okha pa mpando, nalisalaza ndi chikhatho, osamuyang'ana kumaso. Kenako anakakhala pa benchi pafupi ndi chitseko, thaulo lakale lija lili paphewa.

Ogula atafika, wamkulu wawo, yemwe anali atagula nawo nsalu zaka zambiri, anathamangira ku benchi kuja atagwirizanitsa manja, akufunsa za moyo ndi za nsalu za chaka chino. Bambo Dibakar anayankha za moyo zokha, ndipo anazitalikitsa ndithu, za mawondo, za mvula yochedwa. Atafika pa za nsalu analoza ndi chibwano.

"Zimenezo kambani ndi amayi ali pa thaulowo. Ine ndangobwerera tiyi."

Sulochana anakhala pansi msangamsanga kuti alendo asaone maso ake. Kumsana ankamva mfundo za ulusi zikumubaya pang'ono, ndipo sanasunthe.