Mabuku Olembedwa ndi Pensulo

Lamulungu masana tinkamwa tiyi pakhonde, kamvula ka kwathu ku Tukuyu kakuwaza pa masamba a nthochi. Tsiku limenelo ndinabwera ndi kompyuta ya kuntchito kuti ndiwaonetse bambo chinthu choti chiwasangalatse.

Bambo anga, a Mwakalinga, anayeza malo a anthu kwa zaka makumi atatu asanapume. Ine ndinalowa ofesi yomweyo ya zoyeza malo, koma sindikwera mapiri, ndimasunga zolembedwa. Chaka chimenecho ndinajambula mabuku onse akale a miyezo ya malo n'kuwaika mu kompyuta. Mabuku enieniwo anayenera kutenthedwa Lolemba, chifukwa muli mayina a eni minda ndi mikangano ya m'mabanja awo, pomwe chipinda chosungiramo chimadontha ndipo loko wake ngwachabechabe.

"Bambo, valani magalasi muone ntchito yanu," ndinatero.

"Ntchito yanga yalowa m'kathireyi kameneka? Amayi a Tumpale, bwerani mudzaone, mwana wanu wandipinda n'kundiika m'thumba."

"Akanakupindani kale, bwenzi nsapato zanu zamatope zitandipumitsa," anayankha amayi akuthira tiyi.

Ndinatsegula buku la ku Masoko. Bambo anamwetulira atangoona chikuto.

"Ili ndinaligwetsera mumtsinje. Malemu Mwaisumo, mnzanga wokoka tcheni poyeza malo uja, analilumphira ndi zovala zomwe. Atatuluka anati, 'Mwakalinga, ukanagwa ndiwe ndikanayamba ndavula jekete.'"

Anaseka mpaka kutsokomola. Anatifotokozera za masiku omwe ankanyamula simenti pamutu kukazika mabikoni, timiyala ta m'malire tija, ndi mmene amayi a m'midzi ankawawotchera nthochi ngakhale anali asanadziwe kuti malire agwera mbali iti. Ine ndinkangopitiriza masamba. Kenako bambo anandigwira dzanja.

"Tumpale, bwerera. Nanga manambala ali kuti?"

Ndinayang'anitsitsa. Mizere ya tsambalo inkaoneka bwinobwino, koma pakati pake panali poyera. Tsamba lotsatira chimodzimodzi.

"Kutchire sitinkalemba ndi inki, mwanawe," anatero mofatsa. "Inki imasungunuka ndi mvula, pensulo yofewa imapakika. Tinkalemba ndi pensulo yolimba, yosaoneka msanga. Umafunika kupendeketsa buku pawindo."

Apo m'pamene ndinazindikira cholakwa changa. Pojambula ndinkangoyang'ana masamba oyamba, olembedwa ndi inki muofesi, n'kumati zonse zili bwino. Malire a mabanja mazanamazana anali m'masamba oyerawo, ndipo moto unali m'mawa mwake.

"Kawatenge mabukuwo uwabweretse kuno," anatero bambo. "Ndiwasunga m'bokosi langa lachitsulo. Chiswe sichinaloweko chiyambire."

"Sizingatheke, bambo. Muli nkhani za eni ake. Sangachoke muofesi."

"Ndinawalemba ndine!"

"Munawalemba ndinu, koma si anu."

Bambo anatembenuza kapu m'manja. Amayi ndi amene anayankhula.

"Bambo a Tumpale, mwaiwala? Mchimwene wanga weniweni anakupemphani kuti aone buku la munda wa mnansi wake, inu munamukaniza. Chaka chathunthu sanaponde pano. Mwanayu watengera yani?"

Bambo anapukusa mutu, koma pakamwa pankaoneka kumwetulira.

"Ndiye ngati mabuku sangabwere kwa ine, ine ndingapite kwa mabuku?"

Ndinaimbira foni abwana anga, mayi Ngonyani, n'kuulula zonse. Anandikalipira pang'ono, kenako anati moto udikire. Anatinso bambo aloledwa kulowa muofesi, bola asayine pepala lolonjeza kusunga chinsinsi ngati wina aliyense.

M'mawa mwake tinakwera daladala yoyamba, minibasi ya kwathu kuno. Bambo anavala jekete yawo yakale, ndipo pepala lija anasayina akung'ung'udza kuti chinsinsi anayamba kusunga abwanawo asanamere mano. Ndinawaikira mpando pafupi ndi windo, ine n'kukhala pa kompyuta. Anatenga buku loyamba pa mulu, n'kulipukuta fumbi ndi chigongono, n'kulipendeketsa ku kuwala.

"Lemba," anatero. "Bikoni yoyamba, mamita khumi ndi awiri kuchokera pa mtengo wa mapeyala. Usathamange, mabukuwa alipo makumi anayi."