Makalata Amene Mwana Wanga Sanatsegule

Kompyuta yanga itawonongeka, mmisiri anafufuta zonse n'kuikamo mapulogalamu atsopano. Maimelo anga anapita, pamodzi ndi adiresi ya mnzanga wakusukulu amene anandilembera ali pabedi m'chipatala. Kusayankha kalata ndi mwano, ndipo iye analibe masiku ambiri odikira.

Ndinamudandaulira mwana wanga wamkazi.

"Bambo, paja kalata iliyonse mumanditumizira kope, monga munkachitira kuntchito kalelo," anatero akuseka. "Onse alimo mufoni mwangamu. Sindinatsegulepo ngakhale imodzi."

"Ndiye ulemu umenewo?"

"Mukufuna adiresiyo, kapena tiyambe mlandu?"

Mtima wanga unakhala pansi. Ndinavala magalasi, ndinakoka mpando, n'kuyamba kulemba: "Wokondedwa mnzanga, mundikhululukire pochedwa kuyankha."