Mng'alu Wopendekera

Kagalasi kanathyoka m'mawa ndikusintha mwana thewera. Kanangoti the, ngati munthu wathyola chikhadabo, ndipo kachidutswa kake kanagwera pa pilo, pafupi ndi khutu la Abwana. Abwana ndi mwana wathu wamkazi, sanayambe n'kukwawa komwe. Dzinali anamupatsa ndi bambo ake chifukwa akalira, aliyense amasiya zimene akuchita.

Kagalasiko anamata ndi bambo ake omwewo. Pamwamba pa bedi lathu pamadutsa bimu ya konkire imene imanyamula zipinda za m'mwamba, ndipo pa bimuyo panali mng'alu wopendekera, woyambira pafupi ndi chipilala. Iwo anatenga kagalasi kopyapyala n'kukamata ndi guluu mopingasa mng'aluwo.

"Kakakhala chonchi ndiye kuti nyumba sikusuntha," anatero. "Kakathyoka undiuze."

Nditafunsa kuti kakathyoka ndiye kuti chiyani, anati akuchedwa ku kalasi.

Amuna angawo akuchita digiri yachiwiri ya zomangamanga ku yunivesite, ndipo kafukufuku wawo ndi wa momwe konkire imang'ambikira. Ine sukulu ndinaisiyira panjira, mimba itayamba kuonekera mu yunifolomu. Nyumba imene timakhala ndi ya a Pulofesa, amene amayang'anira kafukufukuyo. Pulani anajambula okha, ndipo chaka chatha anawonjezera nsanjika yachitatu. Ifeyo anatipatsa chipinda chapansi kuti tizikhala ulere. Komanso buku la amuna anga silingapite kwa oyesa popanda iwowo kusayina.

Ndinawaimbira foni amuna anga, inali yozima. Ndinabereka mwana, n'kuika kachidutswa kaja m'thumba, ulendo ku labu ya ku yunivesite.

Labuyo ndi chishedi chachikulu chonunkha oyilo ndi simenti yonyowa. Pakhomo ndinakumana ndi mkulu woyendetsa makina, amene ophunzira amamutcha a Chiphwanya.

"Alamu, mwabwera kudzalondera? Kuno kulibe atsikana, kuli miyala yokhayokha."

"Ndikufuna bambo a mwanayu."

"Ali pa ntchito, sangatembenuke pano. Imani apa, kuseri kwa waya, muone zimene amadya nazo ndiwo."

Pakati pa shediyo anali atagoneka bimu yaitali pa zitsulo ziwiri, makina akuikanikiza kuchokera pamwamba. Amuna anga anali atagwada pambali pake, akutsatira ming'alu ndi cholembera chofiira. Anzawo ankayang'ana pa kompyuta.

"Mwaona yoongokayo, ya pakatiyo?" anatero a Chiphwanya. "Imeneyo ndi yaulemu. Bimu imayamba yawerama, imalira, imakupatsa mpata wovala nsapato. Koma tayang'anani kumapetoko."

Kumapeto kwa bimuyo kunali kutatuluka mng'alu wina, wopendekera. Ndinaudziwa. Ndakhala ndikuuyang'ana tsiku lililonse poyamwitsa.

"Nanga umenewo?"

"Umenewo ndi wamwano, suchenjeza. Anyamata, tasunthani!"

Asanatseke n'komwe pakamwa, bimu inaphulika. Mbali imodzi inagwera pansi, zitsulo zili pamtunda ngati nthiti, fumbi lili koboo. Abwana anadzidzimuka n'kuyamba kulira. Ophunzira aja anaomba m'manja, wina n'kujambula ndi foni.

Amuna anga atandiona, kumwetulira kunatha. Tinatuluka panja, kuseri kwa mulu wa mabimu ophwanyika, ndipo ndinawaika kachidutswa kaja m'dzanja.

"Mwina guluu ndiye wamasuka," anatero.

"Guluu ali pomwepo. Chathyoka ndi galasi."

Anangokatembenuza ndi chala.

"Wa kwathu uja ndi wofanana ndi uwu. Mumadziwa, eti?"

"Ndinawerengera."

"Munapeza chiyani?"

"Bimu ija anaipangira nsanjika ziwiri, osati zitatu."

"A Pulofesa munawauza?"

"Ndinayamba kuwauza. Anandifunsa kuti, 'Iwe unabwera kudzaphunzira kapena kudzandiphunzitsa?' Pali mnzanga wina anawatsutsa pa semina, mpaka lero buku lake likadali m'dirowa mwawo, iye akugulitsa zovala m'tauni. Kwangotsala mwezi umodzi, amake mwana. Akangosayina, tisamuka tsiku lomwelo, ndipo ndikanena ku khonsolo ndi pakamwa pangapa."

"Ndiye bimuyo mwaiuza kuti idikire mwezi?"

"Usandilankhule choncho. Sunthira bedi kukhomo."

"Khomo lake liti? Chipinda n'chimodzi, bimu imadutsa pakati. Mwaiwala pamene mumagona?"

Anakhala pansi pa chibuma cha konkire, manja ali kumutu. "Ndikapanda kumaliza tilowera kuti? Iwe sukulu unasiya chifukwa cha ine. Nanenso ndisiye? Mwanayu adzati makolo ake ankatani?"

"Kuti adzanene zimenezo, ayambe wakula."

Ndinawasiya pomwepo.

Pofika kunyumba ndinapeza amisiri atamangirira zingwe, akukweza chithanki chakuda pamwamba pa denga. Ndinafunsa mmodzi kuti madzi athira liti. Anati akangolumikiza mapaipi, mwina mawa.

M'chipinda sindinayang'ane kumwamba. Mwana ali kumsana, ndinaponya m'chikwama matewera, khadi la kusikelo, bulangete, poto mmodzi. Ndinaimbira achemwali anga kuti ndikubwera. Anati malo kulibe koma pabalaza, ine ndinati pabalaza pomwepo. Nditakoka chitseko, ndinamva timiyendo tikuthamanga m'chipinda cha pamwamba pathu, di di di, kenako mawu a amayi awo akukalipa kuti asiye kulumpha pa sofa. Pamenepo pamakhala amake mapasa. Amandibwereka ayironi, ndipo Abwana atadwala chifuwa ndi iwo anandiperekeza kuchipatala.

Chikwama chili m'manja, ndinayamba kukwera masitepe. Ndili pakati, amuna anga anatulukira pageti, akupuma wefuwefu, fumbi la simenti likadali m'tsitsi.

"Ukupita kuti?"

"Mukuona."

Anandithamangira n'kundigwira mkono. "Chonde. Pita kwa achemwali ako, sindikukuletsa. Koma ukauza anthuwa, dzuwa lisanalowe a Pulofesa adziwa kuti zachokera kwa ine. Palibenso wina angadziwe zimenezi."

"Thanki ija mwaiona?"

Anayang'ana kumwamba. Zingwe zinali kulira, amisiri akukuwirana kuti kokani. Milomo yawo inayamba kugwedezeka ngati mmene amachitira akamawerengera. Kenako inasiya. Dzanja linandimasula.

Ndinagogoda.

Amake mapasa anatsegula manja ali thovu, mapasawo akusuzumira m'miyendo mwawo.

"Aneba, bwanji ndi chikwama? Akuthamangitsani a injiniyawa?" anaseka. Atationa nkhope, kuseka kunazima. "Kwagwanji?"

Ndinatembenukira kwa amuna anga. "Nenani ndinu. Mawu ake mumawadziwa ndinu."

Amuna anga anayang'ana mapasa aja. Wina anali kuwakoka buluku kufuna cholembera chofiira chimene chinkaonekera m'thumba.

"Mayi," anatero, "muli ndi kwina kumene anawa angakagone lero? Avalitseni nsapato. Ine ndikukwera kaye kukaimitsa amisiriwa, ndibwera ndikufotokozereni."