Dzina la Silas pamwala

Bambo Tozer, osema miyala ya pamanda, anandiimbira foni ndili pakati posenda mbatata za ana mazana awiri kukhitchini ya sukulu komwe ndimagwira ntchito.

"Mayi Glenda, pepani, za m'banja mwanu sizindikhudza. Koma papepala mwandipatsali, Silas Luscombe anamira panyanja mu 1907, ndipo mwana wake Horace anabadwa mu 1909. Ndiseme choncho?"

Ndinati ndiwaimbiranso. Anandipatsa masabata awiri. Kupitirira apo, mwalawo sukanaima pa tsiku lokumbukira imfa ya bambo anga.

Bambo anapempha chinthu chimodzi chokha asanamwalire: pamwala wawo palembedwe iwo, bambo awo Horace, ndi agogo awo Silas, msilikali wa pamadzi amene analibe manda. Mu Plymouth muno banja lililonse lili ndi womira wake, wathu anali Silas. Zakazo ndinazitenga kwa azakhali anga a Beryl, mlongo wa bambo, ndipo ndinangokopera. Ndili ndi ana atatu ndi makina ochapira otha. Nthawi yochotsera 1907 pa 1909 ndikanaitenga kuti?

Loweruka ndinapita kwa azakhaliwo. Ali ndi zaka 86, koma pakamwa sipanakalambe.

"Wosema miyalayo azisema miyala, masamu awasiyire aphunzitsi," anatero.

"Azakhali, mwana sakhala m'mimba zaka ziwiri."

"Iwe wako woyamba uja tinkayesa akhalamo zitatu, mmene unkadandaulira. Agogo anamira. Lemba zimenezo."

"Nanga agogo Horace anali a ndani?"

Anayatsa wailesi.

Ndinayamba kuthera ola langa lopuma kulaibulale, pa kompyuta yozimazima, masangweji ndikudyera m'chikwama kuopa wolondera. Asilikali a pamadzi ankalemba chilichonse cha munthu: msinkhu, mtundu wa maso, zipsera, sitima iliyonse imene anakwera. Masiku anayi ndinatsata Silas Luscombe wina, wa maso obiriwira, mpaka ndinamupeza atafa ndi malungo ku China asanakwatire. Si wathu. Wathu anali atanama zaka polowa usilikali, monga ankachitira anyamata ambiri, n'chifukwa chake chaka chobadwa sichinkagwirizana. Ndinamupeza Lachiwiri la sabata yachiwiri. Wamfupi, wa tsitsi lakuda, chipsera pachibwano, ntchito yothira malasha m'ng'anjo za sitima.

Pamzere womaliza sanalembepo kuti anamira. Analemba kuti anathawa usilikali, padoko la Halifax kutsidya kwa nyanja, mu Juni 1907.

Ndinakhala pampandopo ndikuganiza za azakhali, amene chaka chilichonse amakaponya maluwa panyanja. Ola langa linali litatha kale, ndipo kukhitchini anandikalipira.

M'mawa mwake ndinatsegula kalembera wa 1911. Chaka chimenecho nyumba iliyonse inkadzilembera yokha chikalata, ndipo lamulo linali lakuti ulembe amene agona m'nyumbamo tsikulo basi. Akazi a amalinyero ambiri sankamva zimenezo. Ankalemba ndi amuna awo omwe, ali kunyanja, mlembi wa boma n'kudzafufuta ndi inki yofiira. Ndinali nditaona zikalata zotere zambirimbiri.

Cha Emmeline, mkazi wa Silas, chinali china. Pamzere woyamba analemba: Silas Luscombe, mutu wa banja, zaka 34. Kenako iye mwini, mwana wamkazi, ndi Horace wa zaka ziwiri. Dzina la Silas linali lofufutidwa, koma osati ndi inki yofiira. Inali yakuda yomweyo, ya cholembera chake chomwe, mizere itatu yotsindika. Pa dzina la iye mwini anafufuta "wokwatiwa" n'kulemba "wamasiye". Pansi, pa chiwerengero cha anthu, folo anamusandutsa fili.

Ndinasindikiza mapepala awiriwo n'kupita nawo kwa azakhali Lachinayi nditaweruka, ndikununkha anyezi.

"Wabweranso ndi masamu ako?"

"Valani magalasi."

Anawerenga pepala la asilikali n'kulikankha. "Anthu amenewa akataya munthu m'madzi ankalemba kuti wathawa. Ndani sadziwa?"

"Chabwino. Werengani ili."

Analiwerenga nthawi yaitali. Tiyi anazizira. Ine ndinkangoyang'ana wotchi, popeza mwana wanga wamng'ono ankandidikira kosambira.

"Akazi onse ankalemba amuna awo," anatero potsiriza, koma motsitsa.

"Amuna amoyo, azakhali. Womira zaka zinayi zapitazo samulemba. Ndipo wafufuta yekha. Anaiwala, analemba zoona, kenako anakumbukira kuti pepalali likupita kuboma, ndipo boma likumusaka munthuyo."

"Ukuti anali m'nyumbamo?"

"Sindikuti kanthu. Ndatopa. Ndikufuna mundiuze zoti Bambo Tozer aseme mawa. Tikalemba kuti anamira mu 1907, aliyense wodutsa pamandapo awerenga kuti agogo Horace anali a mwamuna wina. Tikapanda kulemba, ndiye kuti anathawa. Sankhani."

Anavula magalasi. "Bambo anga ankamenyedwa kusukulu tsiku ndi tsiku," anatero. "Ankawatcha mwana wa nsomba. Msewu wonse unkadziwa kuwerenga zaka, usaganize kuti Tozer wakoyo ndi woyamba. Ku ukwati wawo, apongozi awo anakana kukhala tebulo limodzi ndi agogo Emmeline. Agogo Emmeline anafa osayankhapo ngakhale kamodzi."

"Munkadziwa za mphekeserazo, n'kundipatsabe zaka zimenezo?"

"Ndinkati womira ndi wolemekezeka. Zinazo anthu aiwala." Anamenya pepalalo ndi chala. "Kani mwini mwana analipo, atabisala, akudya mbatata zake, mkazi akutukwanidwa pamsewu!"

"Akanaonekera akanamumanga."

"Bwenzi atamumanga! Ena anamangidwa n'kutuluka."

Ndinatulutsa foni. "Ndilembe chiyani? Silas Luscombe, dzina lokha, popanda chaka?"

"Mchotse."

"Bambo anapempha."

"Mchimwene wanga anapempha womira. Womira kulibe. Pamalo pakepo ulembe Emmeline."

Masabata awiri osadya bwino masana, kutsata munthu kuchoka padoko lathu la Devonport mpaka ku Halifax, kuti ndimuchotse pamwala. Ndinaimba pomwepo, azakhali asanasinthe maganizo.

"Bambo Tozer, ndi Glenda. Silas mumusiye. Mulembe Emmeline Luscombe."

"Chabwino, mayi. Anabadwa liti, anamwalira liti?"

Ndinayang'ana azakhali. Anakweza mapewa.

"Usandiyang'ane ine," anatero. "Si iwe wa kulaibulale?"

Ndinapempha Bambo Tozer andidikire mpaka Lolemba, ndinatenga chikwama, n'kuthamangira kokwerera basi.