M'kati mwa Tchalitchi cha ku Winchester

Lenah anayala zithunzi zonse pa tebulo la m'khitchini n'kuyamba kuziyang'ana kachitatu. Anali atangozitenga ku situdiyo ya ku Parklands, mu Nairobi momwemo, kumene anakatsukitsa filimu. Panali mtsinje ndi abakha ake, msewu wamiyala, chipata chakale cha mzinda, ndi tchalitchi chachikulu cha ku Winchester, kutsogolo, kumbuyo, m'mbali. Cham'kati mwa tchalitchicho panalibe ngakhale chimodzi, ndipo Lenah ankadziwa kale.

"Mayi, ulendo wonse uja wa ku Mangalande munkapitira abakha?" anatero Medson, mwamuna wake, akusuzumira paphewa pake.

"Musandiseke. Ababa ndikawauza chiyani?"

Bambo ake a Lenah, a Lawson, anaphunzitsa kwaya ku Likoma zaka makumi anayi. Anabwera ku Nairobi chifukwa cha maso. Lamanzere linali litafa kale, lamanja linkaona ngati m'nkhungu, ndipo Lolemba adokotala ankafuna kulichita opaleshoni, koma sanalonjeze kanthu. Kuyambira ali mwana, mkuluyu ankamva amishonale akunena kuti tchalitchi cha ku Likoma n'chofanana kukula ndi cha ku Winchester. Choncho bungwe lomwe Lenah ankagwirako ntchito litamutuma kumsonkhano ku London, n'kumusiyira masiku awiri opuma, iwo anapempha chinthu chimodzi basi.

"Jekete sindifuna. Ukandijambulire m'kati mwa tchalitchicho, ndionemo diso likadalipo."

Tsiku loyamba Lenah anangozungulira mzinda wa Winchester, kamvula kakuwaza, mabelu akuyankhana pamwamba pa madenga. Zam'kati anasungira tsiku lomaliza, monga mwana asungira nyama m'mbale. Analowa masana dzuwa litapendeka. Nsanamira zinkakwera, kukwera, mpaka kukakumana m'mwamba ngati nthambi. Kuwala kwa magalasi amitundu kunagona pansi pamiyala yosalala ndi mapazi a anthu amene anafa kalekale. Kunkanunkhira sera ndi chinyezi. Anatulutsa kamera, ndipo nthawi yomweyo limba linayamba, oimba akulowa awiriawiri.

Dzanja linakana. Ku Likoma a Lawson ankathamangitsa ndi buku la nyimbo alendo a makamera, akuti mapemphero akayamba munthu amagwada, sajambula. Mwana wawo anabwezera kamera m'chikwama, nagwada. Nyimbo yake inali yomwe ija ankaimba ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mawu okha ndiwo anali achizungu. Analira osadziwa chimene akulirira. Pomwe ankatsitsimuka, mayi wina wovala mkanjo ankamuuza mwaulemu kuti akutseka, ndipo sitima yake yobwerera ku London inali pafupi kunyamuka.

Medson anasanthula zithunzi zija n'kusolola chimodzi chamdima, cha kunsi kwa chipata, miyala itapindika pamwamba.

"Apatseni ichi. Ndi diso lawo lija sangasiyanitse. Alowe m'chipatala mtima uli m'malo."

Lenah anachilandira. Ankachita manyazi, koma anachilandira.

A Lawson anali pakhonde la fulati, bulangete m'miyendo chifukwa cha kuzizira kwa Julaye, galasi lokulitsira zilembo lili kale m'manja. Kumsewu makondakitala a maminibasi ankaitanira anthu opita m'tauni. Mkuluyo anatenga zithunzi chimodzichimodzi, akuchisendeza mpaka kukhudza mphuno.

"Abakha akumeneko ndi onenepa bwanji. Tsono cham'kati, mwanawe?"

Lenah anawapatsa cha chipata chija. Anachiyang'ana nthawi yaitali, akuchitembenuzira kowala.

"Zikomo Ambuye," anatero motsitsa. "Ndiye ndi momwemu."

Mawu amenewo anamulasa Lenah. Anagwada pambali pa mpando n'kuwalanda chithunzicho pang'onopang'ono.

"Ababa, ndakunamizani. Ichi ndi chipata cha kumsewu. M'kati sindinajambule."

"Anakuletsa?"

"Munandiletsa ndinu. Nditatulutsa kamera mapemphero anayamba."

A Lawson anaika galasi lija pabulangete. Zinawapweteka, ndipo sanabise. Anati adikira zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo Lolemba likadutsa mwina sadzaonanso ngakhale chikhato chawo. Medson, amene anaima pakhomo, anabwerera m'nyumba mwakachetechete.

Patapita nthawi mkuluyo anafunsa, "Anaimba chiyani?"

Lenah anayamba kung'ung'udza. Asanamalize mzere woyamba, besi ya bambo ake inalowa pansi pake, yokalamba koma yosaphonya. Chala chawo chinkamenya mpando, kumubweza pamene ankathamanga. Anaimba ndime yonse m'Chinyanja cha kwawo.

"Tsono undiuze bwino," anatero atamaliza. "Kwaya itasiya kuimba, liwu linatsala m'mwamba nthawi yaitali bwanji?"

Lenah anatsinzina. M'maganizo anabwerera pa benchi yozizira ya m'tchalitchi muja, oimba atatseka pakamwa, liwu likuyendabe lokha pakati pa nsanamira, kupita kutali, kubwerera, kuchepa.

"Ndinapuma katatu lisanathe."

"Katatu? Usandiwonjezere."

"Katatu, ababa. Kachinayi ndinali ndikuyamba."

"Kwathu limatha usanapume kawiri." Anapukusa mutu, kenaka anaseka pang'ono. "Ndiye kuti amishonale aja anatikometsera nkhani. N'chachikulu chimenecho, ndipo denga lake ndi lamiyala. Chithunzi sichikanandiuza zimenezo."

Anasonkhanitsa zithunzi zonse, abakha ndi chipata chomwe, n'kumubwezera. Galasi lokulitsira analilowetsa m'thumba la malaya. Kenaka anatsamira mpando, natseka diso lomwe linatsala lija, natambasula dzanja kuti mwana wawo aligwire.

"Yambira pakhomo la tchalitchi," anatero. "Uziyenda pang'onopang'ono, miyendo yanga ndi yokalamba."